Thireyi ya pa Msomali

Tsiku limene Gunadi anakhala wapampando wa bungwe la achinyamata la Tunas Waru, ntchito yake yoyamba inali kukhoma msomali. Anaukhoma pakhoma la holo ya mudzi wa Sendangwaru, poonekera bwino, n'kupachikapo thireyi yamkuwa imene bungwelo linagula pachiyambi penipeni. Pansi pake anamata pepala la mawu akuti: "Apa ndi pamene tinachokera." Atatero anaima pambali, manja m'chiuno, n'kuuza mnzake kuti amujambule.

Mlongo wake Winarni anali pomwepo akusesa. Thireyi ija anali atainyamula dzulo lake ku ukwati wa kumtunda, moti m'mphepete mwake munali mukunatabe shuga.

"Mas," anatero, pakuti kwathu kuno achimwene timawaitana choncho, "thireyi imeneyo sinafe. Mwaipachikiranji ngati chithunzi cha malemu?"

"Imeneyi tsopano ndi mbiri, Narni. Iwe sungazimve. Bungwe lamakono limafunika mbiri."

"Nanga tiyi tizinyamulira pa mbiriyo?"

Gunadi anaseka kaseko kamene anabwera nako kuchokera ku maphunziro a utsogoleri kutawuni, kaseko ka munthu amene wakhululukira mbuli.

Mbiri yeniyeniyo inalibe zambiri. Ku Sendangwaru mlendo wa pa ukwati sadzuka kukadzitengera chakudya ngati ali kumsika. Amakhala pampando, zonse n'kumupeza pomwepo: tiyi poyamba, kenako supu, kenako mpunga, n'kumalizira chozizira chotsekemera. Onyamula zonsezi ndi anyamata ndi atsikana a m'mudzi, amene timawatcha a sinoman. Amavala malaya oyera, amayenda mowerama, amapereka ndi dzanja lamanja lamanzere litagwira chigongono, ndipo amayambira kwa akuluakulu. Salipidwa. Amadya pomaliza, kuseri, zotsala za m'miphika. Phindu lawo ndi limodzi lokha: tsiku lako likafika, anzako amakunyamulira nawenso. Kupatsa n'kuika. Bambo a Gunadi ndi Winarni, Pak Marsudi, anayambitsa Tunas Waru ndi anzawo ali anyamata chifukwa cha zimenezi basi. Zina zinadzabwera pambuyo, monga kuphunzitsa ana kuwerenga pakhonde la mzikiti ndi kulambula kumanda mwezi wosala kudya ukayandikira. Koma zonsezo zinkaima pa thireyi.

Winarni anayamba kunyamula akadali kamtsikana kosatha kudzimanga tsitsi, ndipo panalibe khomo m'mudzimo limene sanagwadepo. Gunadi yekha sanagwirepo tambula ya munthu wina chibadwire. Ukwati ukayandikira dzanja linkamupweteka, ukatha n'kupola. Atakhala wapampando anazungulitsa thireyi ija zithunzi za atsogoleri akale, onse atapinda manja pachifuwa. Wogwira thireyi panalibe ndi mmodzi yemwe, pakuti wojambula akafika ogwira ntchito amakhala ali kukhitchini.

Ndiye zinayamba ndondomeko. Mawu amenewa Gunadi ankawakonda kuposa mpunga. Aliyense anasoketsa jekete yabuluu ya chizindikiro pachifuwa, m'dziko loti thukuta limakutuluka utangokhala pamthunzi. Anaitana katswiri wodzaphunzitsa achinyamata kulemera. Katswiriyo anafika mochedwa, anadya bwino, n'kupempha kuti wina amuperekeze pa njinga yamoto poti yake analibe. Anakumba dziwe la milamba, abwana a kuboma anabwera kudzadula riboni, anthu n'kuomba m'manja. Milambayo inafa ndi njala, chifukwa komiti ya dziwe inali ndi wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi mneneri, koma wodyetsa nsomba anaiwala kumusankha. Chikwangwani chake chikadalipo, ndipo n'chokongola ndithu. Ana a pakhonde la mzikiti anapatsidwa dzina lakuti Gulu la Tsogolo Lowala, ndipo kuyambira pamenepo palibe anawaphunzitsanso.

Zonsezi anthu ankangoseka. Chimene sanaseke ndi cha Pak Sarju.

Pak Sarju, mlimi wa mpunga wotsimphina mwendo, ankakwatitsa mwana wake woyamba. Tsiku lomwelo kuboma kunali mpikisano wa mabungwe a achinyamata. Gunadi anabweretsa lole m'mawa n'kulamula kuti aliyense wa jekete akwere.

"Maukwati amachitika mwezi ndi mwezi," anatero, "koma chikho ndi kamodzi pachaka."

"Ine m'lole imeneyo sindikwera," anatero Winarni. "Mas, mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mwaiwala?"

"Ine ndevu ndilibe," anayankha Gunadi, anzake n'kuseka ngati wanena chanzeru.

Lole inapita. Kwa Pak Sarju kunatsala Winarni ndi mnzake wa ponda apa n'pondepo, Menik, mng'ono wa mkwatibwi, amene anavula zovala zake zapaukwati n'kuvala malaya oyera. Atsikana awiri, alendo odzaza bwalo. Anathamanga mpaka miyendo inachita dzanzi, koma supu anafika kwa ena atazizira, ndipo abale a mkwati a kumbuyo ananyamuka kukhosi kuli gwa, osalawa ngakhale tiyi. Pak Sarju mwiniwake anatsika pampando wa makolo n'kuyamba kutsimphina ndi mbale m'manja, asewele ake atsopano akuonerera. Madzulo lole inabwera ndi nyimbo. Anatenga chikho chachitatu pa mabungwe anayi.

Pak Sarju sanakalipire munthu. Anthu a kwathu kuno sakuwa. Munthu akakulakwira umamumwetulira, umamufunsa za thanzi la amake, n'kumusungira.

Chaka chotsatira, mpunga utakololedwa, linafika tsiku la Winarni. Ankakwatiwa ndi Teguh, mnyamata wofatsa wokonza njinga zamoto wa kutsidya kwa mtsinje. Mayi a Teguh, Bu Harjo, anali munthu woti akaona kachitsotso m'mbale ya eni ake amakanena midzi itatu. Winarni sankafuna zambiri. Ankafuna kuti tsiku limodzi lokhalo akhale pampando, aone malaya oyera akuyenda mowerama pakati pa alendo ake, apongozi ake adziwe kuti akutenga mwana wa anthu. Chimenecho anali atachigwirira ntchito ndi mawondo ake.

Mwambo ndi wakuti mchimwene wa mkwatibwi ayende khomo ndi khomo, avule nsapato, akhale pamkeka, amwe tiyi amene wapatsidwa, kenako apemphe makolo kuti amubwereke ana awo. Gunadi anati kumeneko n'kutaya nthawi. Anatumiza uthenga umodzi pa foni, wa maluwa m'mbali ndi chizindikiro cha bungwe pamwamba.

"Taona," anamuonetsa mlongo wake. "Onse ayankha kuti inde. Palibe wakana."

Winarni anadziwa tanthauzo la inde ameneyo. Ku Sendangwaru palibe anakanapo chinthu pakamwa. Munthu amavomera ndi ulemu wonse, tsikulo n'kukhala kunyumba kwake.

Anakumana ndi Menik kumsika akugula anyezi. Menik anamuona, n'kuyamba kusankha anyezi mosamala ngati akusankha mwamuna.

"Nik, ubwera, eti?"

"Mulungu akalola, Mbak," anayankha Menik, pomutchula mwaulemu ngati mkulu wake.

"Usandinamize ndi Mulungu. Ndiyang'ane."

Menik anadzutsa maso, ali ndi misozi. "Abambo akuti tsiku limenelo ndizikhala pakhomo. Si ine ndekha. Makolo onse agwirizana. Akuti wapampando aone mmene zimakomera."

"Wapampando? Akukwatiwa ndi wapampando? Ndani ananyamula nawe supu tsiku lija, dzanja mpaka matuza?"

"Ndinawauza, Mbak. Akuti nyumba ndi imodzi."

Akale amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kwa Pak Marsudi zinadyedwa ndi wamkulu n'kupota wamng'ono. Winarni anafika kunyumba mtima ukuwira, n'kupeza mchimwene wake akupukuta chikho chija ndi nsanza.

"Mas, pitani kwa Pak Sarju mukapepese. Lero lomwe. Mukavule nsapato, mukakhale pansi."

"Ndikapepese chiyani? Kuti ndinabweretsa ulemu m'mudzi muno?"

"Ulemu wanuwo mungamweremo madzi? Ndikukupemphani ngati mlongo wanu. Sindinakupempheniponso kanthu."

"Mtsogoleri sayenda m'makomo ngati wogulitsa ndiwo. Zonse ndakonza. Pali komiti."

Winarni anatembenukira kwa bambo ake. Pak Marsudi anali munthu wabwino, koma satifiketi ya utsogoleri ya mwana wawo wamwamuna inawalowa m'maso ngati utsi, moti sankaonanso bwino. "Usadandaule, Nduk, mwana wanga," anatero. "Bungweli tinaliyamba ndife. Anthu athu sangatitaye."

Ukwati unachitikira muholo ya mudzi. Mayi wokongoletsa akwatibwi anamupaka Winarni zakuda pamphumi, anamumanga nsalu yothina mpaka m'mapazi, anamuveka malaya akuda a ulusi wagolide ndi chingwe cha maluwa oyera cholendewera paphewa. "Lero ndiwe mfumukazi," anamuuza. "Mfumukazi sitembenuka, siseka moonetsa mano, sidzuka. Maso pansi." Anamukhazika pampando wapamwamba pambali pa Teguh. Maso pansi ndithu, koma kuchokera pamenepo khomo la kukhitchini linkaoneka bwinobwino.

Mudzi wonse unabwera. Musaganize kuti anthu ananyanyala ukwati, ayi. Anabwera atatchena, anapatsa moni Pak Marsudi ndi manja awiri, n'kudzaza mipando. Ana awo okha ndi amene anawasiya kunyumba. Anabwera kudzakhala pansi n'kuona, monga mmene anthu amakhalira m'mbali mwa msewu galimoto ikagwera mu dzenje. Pak Sarju ndi akazi awo anakhala mzere wachiwiri, nkhope zili phee.

Kukhitchini amayi ophika anali atathira kale tiyi m'matambula, mizere ndi mizere, nthunzi ikukwera. Malaya oyera panalibe. Panali komiti: anyamata asanu a majekete abuluu, anzake a Gunadi, ataima pakhomo ndi mafoni m'manja. Mapemphero anatha. Malonje a mabanja awiri anatha. Nthawi ya tiyi inafika n'kudutsa. Nthunzi ija inayamba kuchepa.

Gunadi anakankha mmodzi wa anyamatawo. Mnyamatayo anafunafuna thireyi, koma mathireyi atsopano a chizindikiro cha bungwe anali asanabwere kuchokera kutawuni, ndipo akale Gunadi anali atawapereka kalekale kwa ogula zitsulo. Ndiye anatola matambula anayi ndi zala, zala zili m'kati mwa tiyi, n'kuyenda chilili ngati msilikali. Anadumpha agogo a mkwati, n'kupereka tambula kwa amalume a Teguh ndi dzanja lamanzere. Mkuluyo anayang'ana dzanjalo, anayang'ana mnyamatayo, n'kupinda manja ake pamiyendo. Mnyamatayo anabwerera ndi matambula ake, ndipo komiti yonse inasowa ngati yamezedwa ndi nthaka.

Bu Harjo anadzikupiza ndi chokupizira, n'kulankhula motsitsa, koma motsitsa moti mizere itatu inamva. "Kodi kwanu kuno mwezi wosala kudya umayamba msanga?"

Wina anatsokomola pobisa kuseka. Pak Marsudi, atakhala pampando wa makolo, nkhope inawagwa, n'kumayang'ana zala zawo.

Apa Gunadi anachita chimene ankadziwa. Anatenga maikolofoni.

"Alendo athu olemekezeka, pamene tikudikira pang'ono, ndiloleni ndikufotokozereni mbiri ya bungwe lathu la Tunas Waru. Monga mukuonera pakhomapo, tinachokera kutali. Ndondomeko zathu zili m'magawo anayi. Gawo loyamba..."

Winarni anamva manyazi akumutentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, ndipo pansi pa manyaziwo panali mkwiyo. Anakwiyira mchimwene wake. Anakwiyiranso nkhope zonse zija zimene anazigwadirapo, zimene tsopano zinkamuyang'ana mwachifundo, chifundo cha anthu amene akukumenya iwo omwe. Anadikira kuti wina adzuke. Panali amayi amene anawanyamulira pa maliro a amuna awo. Panali abambo amene ana awo anawaphunzitsa kugwira thireyi. Palibe anasuntha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anadzuka.

"Nduk! Khala pansi!" ananong'ona mayi wokongoletsa uja, akumukoka nsalu. "Mkwatibwi sadzuka!"

Winarni anatsika masitepe pang'onopang'ono, pakuti nsalu ija sinkamulola kutambasula mwendo. Anapita pakhoma la mbiri. Thireyi ija inali pamwamba, sanaifikire. Ali chitambasulire dzanja, dzanja lina linadutsa pamwamba pa phewa lake n'kuichotsa pamsomali. Anali Teguh. Anaipukuta fumbi ndi mkono wa malaya ake aukwati n'kumupatsa.

"Gawo lachiwiri," anatero Gunadi. "Narni, imeneyo ndi ya chionetsero..."

Kukhitchini amayi ophika anangoti kukamwa yasa. Winarni anaika matambula pathireyi mmene anachitira moyo wake wonse, n'kutuluka. Anayenda mowerama, maluwa a paphewa akugunda m'mphepete mwa thireyi. Anagwada kwa agogo a mkwati poyamba, monga mwa mwambo, kenako kwa amalume aja, dzanja lamanzere litagwira chigongono. Mkuluyo analandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Kenako anagwada kwa Bu Harjo, amene chokupizira chinawaimira m'malere.

Atatero anapita mzere wachiwiri n'kugwada pamaso pa Pak Sarju.

"Tiyi, Pak. Pepani, wazizira."

"Nduk, dzuka," anatero mkuluyo. "Usachite zimenezi. Dzuka, mwanawe."

"Ndidzuka mukalandira."

"Mlandu si wako."

"Ndikudziwa, Pak. Inunso mumadziwa pamene munkaletsa Menik."

Pak Sarju anatambasula dzanja. Polandira, tambula inapendekeka moti tiyi anatayikira pamiyendo ya Winarni, pa nsalu yake yaukwati, n'kusiya chibanga chachikulu. Akazi a Pak Sarju anadzuka mpando n'kugwa kumbuyo, n'kuthamangira pawindo. Ankadziwa bwino komwe mwana wawo anali.

"Menik! Ukuonerera chiyani kuseri kwa mpandako? Lowa! Itana anzako!"

Kunapezeka kuti achinyamata onse oletsedwa aja anali pomwepo, atabisala kuseri kwa mpanda wansungwi, akusuzumira. Analowa ndi zovala za pakhomo, ena ndi masilipasi. Makolo amene anakhala phee m'mawa wonse anayamba kupikisana kukuwa. "Fulumira iwe!" "Katenge thireyi ya kunyumba!" "Ana a masiku ano ulesi!" Mukanawamva, mukanaganiza kuti ana aja anadziletsa okha. Menik anagwada pambali pa Winarni, misozi ili chuchuchu, n'kumulanda thireyi.

"Monga mukuonera, alendo athu," mawu a Gunadi anadzukanso, "achinyamata athu ophunzitsidwa bwino pansi pa ndondomeko ya..."

Mawuwo anaduka. Pak Marsudi anali atatsika pampando wawo n'kuzula chingwe cha maikolofoni pakhoma. Anachikulunga bwinobwino m'manja n'kubwerera nacho pampando.

Supu anafika wotentha. Mpunga unakwanira. Bu Harjo anadya mbale yonse osapeza kachitsotso, ndipo pochoka anagwira dzanja la Winarni nthawi yaitali. Anthu anayamba kunena kuti unali ukwati wokoma, wokhudza mtima, wosaiwalika. Winarni anakhala pampando wake wa ufumu ndi nsalu yonyowa, zakuda za pamphumi zikusungunuka ndi thukuta, akulira mwakachetechete. Alendo ankati akulira chifukwa chosiya makolo. Iye ankalira chifukwa tsiku limodzi lokha limene mudzi unayenera kumugwadira, anagwada ndi iye.

M'mawa mwake Teguh anabwera ndi galimoto yaing'ono kudzatenga katundu wa mkazi wake. Anakweza matiresi, bokosi la zovala ndi miphika. Pomaliza Winarni anatuluka m'nyumba atakumbatira thireyi yamkuwa ija, yotsukidwa bwino. Anthu oyandikana nawo anaiona, bambo ake anaiona, ndipo palibe anamuletsa.

Gunadi anatuluka atavala kale jekete yake.

"Narni, za dzulo zija tiziiwale. Zinatha bwino, si choncho? Koma thireyiyo ndi katundu wa bungwe. Mwezi wamawa kukubwera abwana a kuboma kudzaona khoma la mbiri. Ndidzawaonetsa chiyani?"

Winarni anakwera galimoto, anaika thireyi pamiyendo, n'kumuyang'ana mchimwene wake kuyambira kunsapato mpaka kuchizindikiro cha pachifuwa.

"Mudzawaonetse msomaliwo, Mas. Ndi umene munagwirapo ntchito."